Ntchito yolimbitsa makalasi athu kumunsi kwa mapiri a Dedza: zolemba za mlembi wa komiti

Meyi, kumayambiriro

Komiti ya sukulu yandisiyira kope kuti ndizilembamo momwe ikuyendera ntchito yolimbitsa midadada yathu kuti isadzagwere ana pa chivomerezi. Zina ndizizikopera pano, mwina a masukulu ena a kumunsi kuno, kuyambira ku Mtakataka, Mua, Golomoti mpaka ku Kasinje, angatolemo kanthu. Dzina la sukulu sinditchula.

Tili ndi midadada itatu, uliwonse wa makalasi awiri. Wakale kwambiri anamanga makolo okha, njerwa zake zootcha koma zomatira dothi. Wachiwiri ndi wa zaka zija zotsatira 1994, pulayimale itangokhala yaulere, ana atasefukira m'masukulu, aliyense akungothamangira kuti pakhale denga basi. Wachitatu ndi wa mabuloko a simenti, wamangidwa posachedwapa. Bungwe lina latilonjeza simenti, zitsulo ndi malipiro a amisiri. Mchenga, kwale ndi madzi ndi za mudzi.

Injiniya wabwera kudzayendera pamodzi ndi kapitawo. Ife tinkamulozera pansi pomwe pakumbika ndi utoto womwe wasupuka, iye osalabadira. Anapempha makwerero n'kukwera kukasuzumira pamwamba pa khoma, pomwe denga lakhalira. Atatsika anatiuza kuti pa midadada iwiri yakale ija palibe ring beam, lamba wa konkire womanga makoma onse pamodzi pamwamba. Pali ka lintel pamwamba pa windo lililonse, kalikonse pakokha. Khoma logawa makalasi linangogunditsidwa ku khoma la m'litali, njerwa zake sizinalumane. Gebulo, khoma losongoka lija la kumapeto, ndi la njerwa imodzi yogoneka m'litali, ndipo palibe chaligwira. Mathirasi, matabwa onyamula denga aja, ena amangidwa ndi waya wadzimbiri, ena angokhala chikhalire. Mwachidule, makoma anayi aja aliyense waima payekha, ndipo aima chifukwa palibe chomwe chawakankha.

Meyi, pakati pa mwezi

Msonkhano wa makolo. Ndinkadziwa kuti pavuta, ndipo panavutadi. A gulupu ndiwo anayamba: "Bambo injiniya, ife kuno chimatisautsa ndi mphepo yosasula madenga ndi madzi osefukira. Chivomerezi chimangogwedeza mbale pa thandala n'kupita. Simenti yonseyi bwanji osangomangira kalasi ina, ana akuphunzira pansi pa mtengo?" Anthu anawomba m'manja, ndipo funsolo si lachibwana. Namondwe Freddy wa mu 2023 aliyense akumukumbukira, pomwe chivomerezi chowononga chinafika kuno ambiri mwa makolo a lero ali makanda kapena asanabadwe.

Anayankha si injiniya koma agogo ena aakazi omwe amagulitsa zitumbuwa pa geti. Anati, "Inu a mfumu, cha 1989 chija munali kuti? Ife tinagona panja ndi ana, nyumba titaziopa." Chivomerezi chimenecho chinachitika pa 10 Malichi 1989, chinayambira cha ku Salima, mphamvu yake inapitirira 6 pa muyezo wa zivomerezi. Anthu 9 anafa, pafupifupi 100 anavulala, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Dedza ili m'gulu la maboma omwe nyumba zinawonongeka. Ku Karonga nako, mu Disembala 2009, nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza kwa masabata awiri, chachikulu cha 6.0 n'kubwera pa 19, anthu 4 anataya miyoyo, nyumba ndi makalasi ambiri n'kugwa kapena kung'ambika.

Kenako injiniya anatitulutsa panja n'kutilozetsa kumadzulo. Chitunda chija chimayenda m'tsinde mwa mapiri, chomwe timachiona tikamatsika Khwekhwelere kulowa ku Golomoti, si chitunda wamba. Ndi pomwe nthaka inang'ambika, mbali ya kunyanja n'kutsika, ya ku Dedza n'kutsala m'mwamba. Akatswiri a za miyala amautcha mng'alu wa Bilila-Mtakataka, ndipo ndi wautali makilomita oposa 100. Nyanja ya Malawi yomweyi ili m'chigwa chomwe chinapangika motero, nthaka ya kum'mawa kwa Africa ikukokeka pang'onopang'ono. Omwe anaufufuza mng'aluwu amati utati wasuntha wonse nthawi imodzi ungabweretse chivomerezi chopitirira 7. Kuchoka pa 6 kufika pa 7 kumamveka ngati sitepe imodzi, koma mphamvu yake imachuluka pafupifupi ka 32. Tsiku lake palibe angalilose. Mwina zidzukulu zathu sizidzachiona, mwina chibwera Lachiwiri lina m'mawa ana ali m'kalasi.

Chomwe chinawagonjetsa makolo, kunena zoona, si manambala amenewa. Ndi pomwe kapitawo ananena kuti denga lomangiriridwa ku ring beam nayo mphepo silingalisasule mwachisawawa. Apo a gulupu anati, "Mukadayamba ndi zimenezo." Midzi yagawana masiku otuta mchenga.

Juni

Injiniya watumiza mapepala. Mdadada wa mabuloko uli ndi ring beam, ungofunika kumangirira denga bwino ndi kutembenuza zitseko kuti zizitsegukira kunja. Wachiwiri uja ndiwo ulandire ntchito yaikulu. Za wakale uja walemba mawu ochepa: matope ake ndi dothi, maziko ndi osaya, khoma lakumbuyo lapendekeka kale, kuulimbitsa n'kutaya simenti. Nkhani imeneyi komiti yaiika pambali kaye, chifukwa ena mwa omwe anaumba njerwa zake akadali moyo ndipo amakhala pa mabenchi akutsogolo pa msonkhano uliwonse.

Mchenga woyamba tawubweza. Kapitawo anathira wina m'botolo la madzi, n'kukhutchumula, n'kulisiya padzuwa. Utakhazikika, pamwamba pa mchenga panagona dothi lochindikala ngati chala. Amayi omwe anausenza pamutu kuchokera kudambo sanakondwe, ndipo ndikuwamvetsa. Tagwirizana kuti umenewo ukagwire ntchito yokwirira maenje a pabwalo, wa konkire uzichokera kumtsinje, pakati pomwe madzi amautsuka. Ndi kutali, ndiye talankhula ndi eni ngolo.

Julayi, kumapeto

Sukulu yatsekera, ntchito yayamba. Tinadikira dala tchuthi chachitali chifukwa denga lonse liyenera kutsika.

Malata tawazula mosamala n'kuwalemba manambala, ambiri abwereranso. Mathirasi ndiwo atidabwitsa: awiri chiswe chawadya m'kati, kunja akuoneka bwinobwino, koma ukabaya ndi msomali ukungolowa. Pa bajeti panalibe matabwa atsopano. A hedi akalankhula ndi a komiti ngati ndalama ya SIG, ya boma yotukulira sukulu ija, ingathandizeko pamenepa.

Magebulo onse awiri tawagwetsa mpaka pa mzere wa makoma ena. Sipanafunike nyundo yaikulu. Mnyamata mmodzi ali pa nsanja anangokankha ndi dzanja, gawo lonse la pamwamba n'kuyamba kuweyeseka. Ndikanakonda kholo lililonse likanaona zimenezi. M'kalasi imeneyi ana a Sitandade 2 amakhala pansi, ena atatsamira khoma lomwelo. Pa chivomerezi gebulo ndilo limayamba kugwa, chifukwa ndi lalitali, ndi lopyapyala, ndipo pamwamba pake palibe cholemera cholipanikiza. M'malo mwake tiika matabwa ndi malata, zinthu zopepuka zoti ngakhale zitagwa sizingaphwanye mwana mutu. Amisiri ena akuti zioneka ngati shedi ya fodya. Zioneke.

Ogasiti, sabata yoyamba ndi yachiwiri

Apa ndi pa mtima pa ntchito yonse, ndiye ndilemba mwatsatanetsatane.

Ring beam ndi lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati, woyenda pamwamba pa makoma onse osadukiza, kuphatikizapo khoma logawa makalasi. Kapitawo pofotokozera achinyamata omuthandiza anati ndi mkombero wa lichero: uchotse mkombero, nsungwi zonse zilipo koma lichero palibe. Nthaka ikagwedezeka, khoma lomwe lili lokha limagwera kunja kapena m'kati. Lomwe lagwidwa pamwamba limakankhira mphamvu ija ku makoma a m'mbali mwake, omwe amapirira bwino akamakankhidwa motsata utali wawo.

Pa pepala la injiniya pali zitsulo 4 za Y12 (za mamilimita 12) zoyenda m'litali, zomangidwa ndi maring'i a R6 (a mamilimita 6) otalikirana masentimita 20. Amisiri athu zimenezi amazidziwa. Pomwe tinakangana ndi pa zinthu zing'onozing'ono zitatu, zomwe munthu wodutsa pamsewu sangazione ngakhale atayima n'kuyang'anitsitsa.

Choyamba ndi pangodya. Chizolowezi cha kuno n'kumanga zitsulo za khoma lililonse pansi, kuzikweza, n'kuzigunditsa pangodya basi. Injiniya wakana. Akuti ngodya ndi pomwe nyumba imang'ambikira, ndiye chitsulo chiyenera kupindika n'kuzungulira ngodyayo, chikalowe ndithu m'khoma linalo. Zolumikiza zikhale kutali ndi ngodya, ndipo zitsulo ziwiri zikakumana zipitirirane masentimita 60, osati kungopsompsonana nsonga. Mmisiri wina wachikulire, yemwe wamanga nyumba zambiri m'dera lino, anati, "Achimwene, ine ndayamba kumanga inu musanabadwe, palibe nyumba yanga inagwa." Injiniya anayankha mwaulemu kuti, "Zoona bambo, koma palibenso yomwe inayesedwa." Anaseka onse, zitsulo n'kumasulidwa.

Chachiwiri ndi nsonga za maring'i. Ambiri amangozipinda pang'ono kuti zikumane. Zimafunika zipindikire m'kati mwa konkire ngati mbedza, kuti pogwedezeka ring'i isayasame. Ntchito yake ndi yotopetsa manja, ndipo achinyamata ankazemba mpaka kapitawo anayamba kuyang'ana imodziimodzi.

Chachitatu ndi madzi a m'konkire. Muyezo ndi 1:2:4, simenti, mchenga, kwale, ndipo tikuyeza ndi ndowa imodzi yomweyo, osati mafosholo, chifukwa fosholo ya m'mawa ndi ya madzulo sizifanana. Koma amisiri amakonda konkire yamadzimadzi, poti imatsetsereka yokha m'matabwa. Yotero ikauma imakhala yofooka. Tikufuna yolimbirako, yoti azichita kuisinja ndi chitsulo ndi kumenya matabwa m'mbali kuti mphako zitsekeke. Pansi pa zitsulo taikapo timiyala ta konkire kuti zisagone pa njerwa, zikutidwe mbali zonse, dzimbiri lisazipeze.

Konkire isanathiridwe tazika hoop iron, lamba wachitsulo wopyapyala womangirira denga, pamalo ponse pomwe thirasi idzakhale, yokoloweka ku zitsulo za m'kati. Ukaiwala pamenepa ndiye kuti udzabwerera ku waya uja.

Matumba angapo a simenti anafika ataundana, ogona nthawi yaitali m'sitolo ina. Wogulitsa ankati tingoswa mibuluyo ndi kusefa. Tawabweza, ndipo kusinthitsa kwake kwatidyera masiku.

Ogasiti, kumapeto

Kuthirira. Konkire siuma ngati chimanga pa mphasa, imalimba ndi madzi, ndipo ikasowa madzi masiku oyambirira mphamvu yake siibwereranso. Pamafunika masiku osachepera 7 ili yonyowa, ndipo imafika pa mphamvu yomwe injiniya amawerengera pakatha masiku 28. Taikuta ndi ziguduli, a Mother Group agawana m'mawa, masana ndi madzulo. Mjigo ndi umodzi, wa sukulu ndi mudzi womwe, ndiye pamakhala mawu pa mzere. Mayi wina anandifunsa kuti, "A mlembi, khoma limamwa madzi kuposa ana anga?" Ndinangoti sabata ino yokha, mayi.

Ntchito imeneyi palibe amailipira, palibe amaijambula, koma ndi yomwe ikusiyanitsa ring beam yeniyeni ndi chinthu chongooneka ngati ring beam.

Sepitembala

Denga labwerera, lamangiriridwa. Zitseko zonse za sukulu tsopano zikutsegukira kunja. Kalasi ya ana ochuluka ngati athuwa ikadzidzimuka, onse amathamangira pakhomo, ndipo chitseko chotsegukira m'kati amachitseka okha ndi matupi awo. Kalipentala anamaliza tsiku limodzi. Pa zonse zomwe tachita, ichi ndicho chotchipa kwambiri, ndipo sukulu iliyonse ingachite mawa.

Sukulu yatsegulira ntchito ya makoma isanathe. Makalasi awiri akuphunzirira m'tchalitchi cha pafupi, ena akusinthana m'mawa ndi masana.

Zomwe zikuchitika tsopano ndi izi. M'ngodya zonse ndi pomwe khoma logawa likumana ndi la m'litali, tasupula pulasitala, taika waya wa meshi kunja ndi m'kati, taboola khoma n'kumanga mbali ziwirizo pamodzi ndi waya wolimba, kenako pulasitala wa 1:4, simenti ndi mchenga, pamwamba. Windo limodzi linali pafupi kwambiri ndi ngodya, kachidutswa ka khoma kotsala pakati pake kanali kosakwana masentimita 60, ndipo mng'alu wopingasa unali utayamba kale kuchokera pa kona ya windolo. Talichepetsa. Aphunzitsi a kalasi imeneyo adandaula za mdima, ndiye tawalonjeza lata loonekera pa denga.

Ku khoma la m'litali lakumbuyo tamanga zipilala ziwiri zochirikiza, zoyambira pa maziko akeake, zolumana ndi khoma. Kalasi ndi chipinda chachikulu, sichili ngati nyumba yogona momwe makoma a zipinda amagwirana pafupipafupi. Ichi n'chifukwa chake mmisiri wodziwa kumanga nyumba zabwino akhoza kumanga kalasi yofooka osadziwa.

Nsanamira za pakhonde zinali njerwa zosanjikiza, m'kati mopanda chitsulo. Pamenepa ndi pomwe ana amadutsa pothawa. Tazigwetsa, taika mapaipi achitsulo ozikika m'konkire ndi omangidwa ku denga.

Okutobala, kumayambiriro

Dzuwa la kuno mwezi uno silichita masewera, pulasitala akuuma tisanamalize kusalaza. Amisiri akuyamba mbandakucha, pofika 11 koloko aweruka.

Mlendo wina wochokera ku bungwe lotithandiza anabwera ndi kamera. Anazungulira mdadada wonse n'kufunsa kuti, "Ndiye mwasintha chiyani?" Funso lomwelo likumveka m'mudzi. Simenti yalowa yambiri, koma nyumba ikuoneka momwe inalili, kungoti yachita zigamba za pulasitala ndipo gebulo ndi la malata. Ena ayamba kunong'ona kuti komiti yadya. Lachisanu tinaitana makolo, ndinawerenga malisiti onse mokweza, kapitawo n'kuonetsa zithunzi za pa foni za zitsulo zisanakwiriridwe. Langizo langa kwa komiti iliyonse yomwe iyambe ntchito yotereyi: jambulani ngodya iliyonse konkire isanathiridwe, ndipo itanani a mfumu ndi makolo angapo akwere pa nsanja aone ndi maso awo. Mukathira, umboni wakwiririka.

Pa msonkhano womwewo panabuka maganizo oti ndalama yotsala tigulire utoto, sukulu iwale. Ine ndinatsutsa, ndipo ndikutsutsabe. Hoop iron ya mdadada wa mabuloko sinagulidwe. Utoto udikire.

Okutobala, kumapeto

Tinayeserera ndi ana zoyenera kuchita nthaka ikagwedezeka. Malangizo odziwika amati gwada, bisala pansi pa desiki, gwiritsitsa mwendo wake mpaka kugwedezeka kuleke. Ku Sitandade 7 ndi 8 zinatheka. Ku makalasi aang'ono kulibe madesiki, ndiye aphunzitsi anawaphunzitsa kugwada, kuphimba mutu ndi khosi ndi manja, kutalikira makoma ndi mawindo, kenako kutuluka pamzere kupita pakati pa bwalo la mpira, kutali ndi midadada ndi thanki ya madzi. Ulendo woyamba zinali chipwirikiti ndi kuseka kokhakokha, wina mpaka anathawira kwawo. Wachiwiri zinayenda. A hedi akuti zizichitika teremu iliyonse, ndipo mphunzitsi aliyense azituluka ndi kaundula kuti akawerenge ana pabwalo.

Tinapezanso kuti kabati ya mabuku mu ofesi ndi yaitali kuposa munthu ndipo yangoima. Yakhomeredwa ku khoma.

Injiniya anatisiyira buku la malangizo a boma a kamangidwe ka nyumba zolimba, lomwe linatuluka mu 2010 pambuyo pa zivomerezi za ku Karonga. Lili ndi zithunzi zambiri, ndipo zomwe takhala tikukanganirana pano zambiri zilimo. Chomwe chikundiwawa n'chakuti amisiri athu onse, kuphatikizapo wachikulire uja, aka kanali koyamba kuliona. Iwo ndiwo amamanga nyumba za m'midzi yonseyi, osati makontirakitala a m'tauni. Wachikulire uja walibwereka, akuti ali ndi nyumba ya munthu yomwe yafika pa mawindo ndipo akufuna akaonenso za pangodya.

Novembala

Mvula yoyamba yagwa ndi mphepo yake. Kumsika madenga angapo asasuka, lathu silinasunthe. Anthu akuti ntchito yaoneka. Ine sindikufuna tinamizane: mphepo yayesa hoop iron yokha, makoma sanayesedwe. Injiniya naye ananena poyera kuti nyumba yolimbitsidwa ikhoza kung'ambika pa chivomerezi chachikulu, mwinanso osagwiritsidwanso ntchito. Chomwe tagula ndi chakuti isagwere ana, atuluke.

Momwe zinthu zilili lero: mdadada wachiwiri watha, ana abwereramo, kwatsala lata loonekera lija. Wa mabuloko zitseko zatembenuzidwa, hoop iron yafika, amisiri akudikira Loweruka ana kulibe.

Watsala wakale uja. Komiti yagwirizana kuti ana asamaphunziriremo, koma mvula ikagwa amathawiramo okha, ndipo aphunzitsi sangawasiye panja akunyowa. Kuukhoma ndi loko sikuthetsa kanthu ngati kwina kolowa kulibe. Akuluakulu omwe anaumanga safuna kumva mawu oti kugwetsa. A gulupu apereka nzeru yoti tichotse denga ndi kutsitsa makoma mpaka m'chiuno, tiimike mapaipi achitsulo, tibwezeretse malata omwewo, pakhale kalasi yotseguka m'mbali yomwe maziko ndi njerwa za makolo zikadalipo. Injiniya wati ajambula aone ngati zingatheke. Za mdadada watsopano talemba kalata kudzera ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuti ikafike ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, ndipo tikudziwa kuti umenewo sudzakhala wa njerwa zootcha, poti malamulo a mu 2018 a bungwe loona za zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zotero pa zomanga za boma.

Msonkhano wa za mdadada wakalewu taukonza anthu akamaliza kubzala. Pakali pano a Sitandade 3 akhala akulowa masana m'makalasi omwe talimbitsa, ndipo a tchalitchi avomera kutisungira kiyi mpaka teremu ithe.